Mabiringanya a Khosi Lokhota

Inu amene mumakonda nkhani zolimbitsa mtima, zija za munthu wogona ndi njala lero mawa n'kudzuka ali ndi galimoto, mundikhululukire. Iyi ilibe galimoto. Ili ndi kiyi mmodzi, pensulo, ndi munthu wakufa.

Tsiku limene anamulanda kiyiyo linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Anakhala pa benchi panja pa ofesi, kalata ili pamiyendo, akuyang'ana nyerere zikukoka phiko la chiwala. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Pa siteshoni yofufuzira mbewu imeneyo aliyense ankamutchula kuti Mabwereza, chifukwa mayeso omaliza a sekondale anawalemba katatu, ndipo katatu konse masamu anamugwetsa chagada. Dzinalo linamukakamira mpaka mwini wake anayamba kuliyankha.

Kalatayo inkanena kuti wakhala akunama pa ntchito. Komiti idzakhala pakatha masabata asanu ndi limodzi. Ikamupeza wolakwa, achoka ndi kalata ina yonena kuti ndi wabodza, ndipo kalata yotere imafika pa ntchito iliyonse mwini wake asanafike. Podikira tsikulo, anamupatsa tsache.

Kuti mumvetse mlanduwo, ndiyenera kukulowetsani m'chipinda chojambulira. Ndimachidziwa. Ndinali kalaliki pa siteshoni imeneyo ndisanapite kunja, kumene ndinakataya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikuwerenga mabuku a eni ake ndi kuzizidwa. Nditabwerera ndinapeza mitengo ya m'mbali mwa msewu itadulidwa, laibulale itadyedwa ndi chiswe, ndipo pamene panali maluwa pataimikidwa chikwangwani chachikulu cholonjeza chitukuko. Koma chipinda chojambulira chinali chomwechija. Zinthu zimene anthu amaziopa sazigwetsa.

Ntchito ya m'menemo ndi iyi. Biringanya likabwera kuchokera kumunda, umalidula pakati, kuyambira pakhosi pamene linagwirira kumtengo mpaka kunsonga. Theka limodzi umaligoneka chafufumimba pa pepala la timabokosi, n'kulizunguliza ndi pensulo. Ukalichotsa, patsala mzere wa thupi lake. Pa mzerewo umaika madontho makumi anayi, kuyambira pakhosi, kuzungulira mmene iyendera mivi ya wotchi. Dontho lililonse lili ndi manambala awiri: lili patali timabokosi tingati kuchokera kumanzere kwa pepala, ndiponso tingati kuchokera pansi. Manambalawo amapita kwa odziwa masamu, amene amawapukusa n'kunena kuti mtundu uwu ndi wautali, uwu ndi wamimba, iwiri iyi ndi pachibale. Biringanyalo likatha kujambulidwa limapita ku khola la nkhumba.

Kwa zaka makumi atatu ntchitoyi inali ya mayi wina amene tinkawatchula kuti Amanzere, chifukwa zonse ankachita ndi dzanja lamanzere: kulemba, kudula, ngakhale kuloza munthu wamwano. Anali azakhali ake a Mabwereza, ndipo ndi iwo amene anamulera makolo ake atamwalira. Mapepala awo sankasowa. Madontho awo ankayenda chafutambuyo, motsutsana ndi wotchi. Mabwana anayesa kuwaletsa, anatopa, n'kungophunzira kuwerenga manambala awo kuyambira kumapeto.

Amanzere atamwalira, kiyi wa chipindacho anagwera Mabwereza. Iye anali wa dzanja lamanja, ankatsata wotchi, ndipo kwa zaka ziwiri panalibe wodandaula.

Kenako kunabwera bwana watsopano woona za masamu, atanyamula kompyuta yake kumsana. Antchito anamuyang'ana kamodzi n'kumupatsa dzina loti Bwana Magalasi. Sanali munthu woipa. Anali munthu wophunzira, ndipo kwa amene ali pansi ziwirizi nthawi zina zimapweteka mofanana.

Analowetsa m'kompyuta mapepala mazana asanu ndi limodzi a chaka chimenecho. Kompyutayo inawasanja m'magulu ake, koma makumi asanu inawalavulira pambali. Onsewo anali a maonekedwe amodzi: kadzenje paphewa, ndi khosi lokhota ngati la munthu amene akumvetsera pakhomo la eni. M'kaundula wa siteshoni munalibe mtundu wotero. Bwana Magalasi anatsegula makabati akale, ndipo anaupeza m'mapepala a malemu Amanzere, chaka ndi chaka, khosi lomwelo, kadzenje komweko.

Anamuitanitsa Mabwereza.

"Mayi, biringanya ili munalitenga kuti?"

"M'dengu lochokera kumunda, bwana. Monga onse."

"Lili kuti pano?"

"Nkhumba zinadya, bwana."

"Mboni zanu zonse zinadyedwa ndi nkhumba." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Chilengedwe sichibwereza chonchi, mayi. Obwereza ndi anthu. Munkatopa, n'kutenga pepala la malemu, kuika lanu pamwamba, n'kukopera. Mpaka madontho munakopera chafutambuyo. Taonani nokha."

Anaona. Deti linali lolemba iye. Manambala anali a dzanja lake, ndi seveni wake wa mchira uja. Koma pa mapepala onse makumi asanu madontho ankayenda motsutsana ndi wotchi.

Mabiringanyawo ankawakumbukira bwino, kulemera kwawo ndi kuzizira kwawo m'manja. Ankadziwa kuti sananame. Chimene sankakumbukira ndi kuyendetsa pensulo mobwerera. Apa m'pamene mantha anamulowa, mantha oposa a kalata.

Kumunda kunalibe chomuthandiza. Mitengo yonse inali itazulidwa, thalakitala itadutsamo kale, ndipo zipatso zina zinali kutali ndi miyezi isanu.

Antchito anzake anaweruza mlanduwo komiti isanakhale. Iwo za kukopera sanazikhulupirire. Anali ndi yankho lawo.

"Azakhali ako sanapume pa ntchito," anatero mayi wina wotsuka mabotolo, ali pa mpopi. "Angobwereka dzanja lako."

"Uwauze kuti akamabwera azikuthandizako kusesa," anawonjezera mnzake. "Munthu wakufa satopa msana."

Anaseka onse. Koma kuyambira tsiku limenelo kapu imene wamwera Mabwereza inkatsukidwa kawiri, ndipo njira yodutsa pansi pa zenera la chipinda chojambulira inayamba kumera udzu.

Chipindacho panalibe wofuna kuchisesa, choncho chinagwera iye yemweyo. Mlonda ankamutsegulira nthawi ya nkhomaliro, n'kukaima patali pansi pa mtengo, nkhope italoza kwina.

Anthu amaganiza kuti zoopsa zimadikira mdima. Sanalowemo m'chipinda chimenecho masana. Makoma onse ndi okhomedwa mapepala akale achikasu, mazanamazana, ndipo pa lililonse pali mzere wozungulira wopanda kanthu mkati, ngati nkhope zimene wina anaiwala kuziika maso. Kunja dzuwa limaphwanya malata, mbalame zonse zili ziii. M'katimo umamva mpweya wako wokha. Ndiye pepala limodzi limatukula ngodya yake pang'ono n'kugonanso. Kenako loyandikana nalo. Kenako linalo, motsatana mpaka kukafika pa tebulo, ngati pali munthu amene akuyenda m'mbali mwa khoma phewa likukhudza.

Sabata yoyamba Mabwereza anasesa maso ali pansi. Fungo la sopo wa azakhali ake linali lidakalimo. Pensulo ankaiika m'chitini cha kumanja kwa tebulo, mawa lake n'kuipeza itagona kumanzere. Tebulolo ndi lopendekeka, ndinaliyesa ndekha ndi botolo ndipo linagubuduka. Koma pensulo simatuluka yokha m'chitini.

Pa sabata yachiwiri anatopa ndi mantha. Mantha nawo amatopetsa ngati khasu. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kunena mokweza: "Azakhali, ngati ndinu, mwandichotsetsa ntchito. Ndiye mundiuze chochita, apo ayi mundisiye."

Mapepala onse anagona phee. Anapita kukatseka zenera kuti azituluka, koma zeneralo linakana. Linali lotchingidwa ndi buku lonenepa lopanda chikuto, limene linakhala pamenepo zaka zambiri likugwira ntchito ya mwala. Umu ndi mmene timalemekezera mabuku kuno. Analikoka, chiswe chinayoyoka. Linali buku la masamu owerengera zoyezayeza, lija limene odziwa amapukusira manambala.

Munthu amene masamu anamugwetsa katatu akaona buku lotero, amalithawa. Anafuna kulibwezera pa zenera. Koma linatseguka lokha pamalo pamene msana wake unathyoka, pa mutu wonena za zolakwika za woyeza. M'mbali mwa tsambalo munali mawu a pensulo, zilembo zopendekera kumbuyo monga alembera amanzere: "Yesa dzanja lako kaye."

Mwina azakhali akewo anadzilembera okha zaka makumi awiri zapitazo. Ndi mmene ndimaganizira ine. Mabwereza analibisa bukulo m'chitenje n'kupita nalo kunyumba.

Tsamba loyamba linamutengera masiku atatu. Ankaliwerenga m'mawa asananyamuke, ndi popuma akusesa, chala chili pa mzere ngati mwana wa sitandade wanu. Mawu ambiri anamupitirira. Koma manambala a mabiringanya anali atawalemba kwa zaka ziwiri, ndipo pang'onopang'ono anazindikira kuti bukulo likunena za zinthu zimene zala zake zinkadziwa kale. Avareji ndi kuphatikiza manambala onse n'kuwagawa mofanana, kuti upeze wapakatikati. Kumwazikana ndi kufunsa nambala iliyonse kuti yathawa patali bwanji ndi wapakatikatiyo. Ku sukulu palibe anamuuza kuti nkhani yonse ndi imeneyi. Ankangomuuza kuti ndi mbuli.

Pa tsiku lachisanu anamvetsa chimene mawu a pensulo aja ankatanthauza. Bwana akuti mapepala makumi asanu aja ndi okopera. Chabwino. Kodi pepala lokopera limaoneka bwanji m'manambala? Palibe anayesapo. Panali njira imodzi yokha yodziwira: kupalamula mlandu womwewo umene ankamuimba.

Anatenga pepala limodzi la malemu, la khosi lokhota. Analigwiriza pa galasi la zenera, kuika loyera pamwamba, n'kukopera. Anaika madontho makumi anayi. Anatenga lina loyera, n'kukoperanso. Ankafuna makumi asanu, ndipo ola la nkhomaliro linkangomukwanira asanu ndi awiri. Akanamupeza wina akuchita zimenezi, komiti sikanavutikanso kukhala.

Tsiku lachitatu la ntchitoyi kuwala kwa pa galasi kunazima. Kuseri kwa pepala kunaima chithunzithunzi cha munthu. Pensulo inamugwa.

Anali mdala wa ku nazale, amene ankafesa mbewu zonse za siteshoni kuyambira ine ndisanachoke. Anali atanyamula keni yothirira.

"Mwanangu, ukuchita chiyani? Akakuona akudya wamoyo."

"Ndikuba, agogo."

"Wati chiyani?"

"Akuti ndine wakuba. Ndiye ndikufuna ndione kuti wakuba amaoneka bwanji m'manambala."

Mdalayo anayang'ana chimene chinali pa galasi, khosi lija ndi kadzenje kaja. Milomo yake inachita mbuu. Anachoka mofulumira mosayenera msinkhu wake. Keni anaiiwala pansi pa zenera, ndipo inakhala pomwepo masiku awiri.

Atamaliza makumi asanu ake abodza, Mabwereza anagogoda pa ofesi ya Bwana Magalasi n'kupempha manambala a mapepala amene ankamuimbira mlandu. Bwanayo anamusindikizira, akumuyang'ana mwachisoni.

"Mukawatani, mayi? Ndamva kuti masamu anakukanani katatu."

"Anandikana ndi iwo, bwana. Ine sindinawakane."

Zida zake zinali foni ya mabatani ndi maenvulopu akale a mbewu, amene ankawatola posesa n'kuwang'amba kuti alembe kumbuyo. Dontho loyamba: manambala makumi asanu, kuphatikiza, kugawa, kuona aliyense wathawa bwanji. Dontho lachiwiri, chimodzimodzi. Mpaka makumi anayi, mbali ziwiri, milu iwiri ya mapepala. Mabatani a foni anafufutika. Pamene panali faifi panatsala kadzenje kosalala.

Atatha masiku asanu ndi anayi, zotsatira zinatuluka zopanda mutu. Analira ali chikhalire pa chidebe. Kenako anaona cholakwa chake: mabiringanya enieni sankagonekedwa pamalo amodzi pa pepala. Lina linkakhala chakumwamba, lina chakumbali, lina litapendeka. Iye anali atayeza kusuntha kwa pepala m'malo moyeza thupi la chipatso. Bukulo linali litanena, pa tsamba limene chiswe chinadya theka: yamba wawasuntha onse kuti mitima yawo ikhale pamodzi, makosi aloze kumodzi. Anang'amba maenvulopu ena n'kuyambiranso.

Analakwitsanso kachiwiri, pogawa. Anayambiranso. Pa mpopi ankati wayamba misala, akulemberana makalata ndi akufa. Anaonda mpaka siketi inayamba kufuna pini. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutatsala masiku anayi kuti komiti ikhale, anajambula zithunzi ziwiri pa mapepala akuluakulu, anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukasamba kumaso.

Anapempha chinthu chimodzi: kuti komiti ikakhalire m'chipinda chojambulira. Mkulu wa siteshoni sanafune kuoneka wamantha, choncho anavomera. Analowa atatu, iyeyo, mayi woona za antchito, ndi Bwana Magalasi. Mpando wa kumanzere kwa tebulo palibe anaukhalira. Mayi uja anasankha kuima.

Mabwereza anayala chithunzi choyamba. Chinali biringanya la khosi lokhota, ndipo pa dontho lililonse panali kamtambo ka timadontho makumi asanu.

"Ili ndi bodza, mabwana. Ndinalipanga ndekha pa zenera ilo. Ndinakopera pepala limodzi la malemu kamakumi asanu."

Mayi woona za antchito anayamba kulemba mofulumira.

"Taonani mitambo yake. Pakhosi, theka la kabokosi. Pamimba, theka la kabokosi. Kunsonga, theka la kabokosi. Dzanja lokopera limanjenjemera mofanana paliponse, chifukwa silidziwa kuti apa ndi pakhosi, apa ndi pamimba. Limangotsata mzere."

Anayala chachiwiri.

"Awa ndi amene mukuti ndinakopera. Pakhosi ndi pakadzenje akufanana kwambiri, n'chifukwa chake bwana anadabwa. Koma pamimba mtambo wafika timabokosi tisanu, pena tisanu ndi kamodzi. Ndipo lililonse limene latupa mimba, lafupika kunsonga. Lililonse lowonda, latalika. Pensulo singapangane chonchi ndi pensulo inzake. Chimene chimatupa uku n'kufupika uko ndi chinthu chimene chinkamwa madzi."

Bwana Magalasi anatsegula kompyuta yake pa mawondo. Anagogoda, anayang'ana maenvulopu, anagogodanso. Zinatenga nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi n'kumwa. Pakhoma pepala limodzi linatukula ngodya. Mkulu wa siteshoni anayang'ana kudenga.

"Munagwiritsa ntchito pulogalamu yanji?" anafunsa Bwana Magalasi osadzutsa mutu.

"Foni ndi maenvulopu, bwana."

Anavula magalasi, koma ulendo uno sanawapukute.

"Ine ndinayang'ana kufanana kwawo, n'kulekera pomwepo. Sindinafunse kuti kusiyana kwawo kwakhala pati. Zinthu izi zinali zamoyo." Anatembenukira kwa iye. "Ndinakulakwirani, mayi."

Mwa ophunzira onse amene ndakumana nawo, kuno ndi kunja, amene ndinamva kuti ananenapo mawu amenewa pamaso pa wosesa sakwana zala za dzanja limodzi.

Koma mkulu wa siteshoni anali asanakhutire. "Ngati zinali zamoyo, zinachokera kuti? Ife mtundu umenewu sitidzala. Sunamere wokha m'munda wa kafukufuku."

Manambala anamufikitsa Mabwereza pamenepo n'kumutula.

Chitseko chinalira. Chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo mayi woona za antchito anagwira pamtima. Anali mdala wa ku nazale, chipewa chili m'manja, m'khwapa muli kachitini ka dzimbiri.

"Ndinkadzala ndine, mabwana."

Anafotokoza ataimirira, maso ali pa simenti. Mbewuyo Amanzere anabwera nayo kuchokera kwa amayi awo, kumalo kumene lero kuli mosungira katundu ndi mpanda wa waya. Anapempha mabwana akale kuti ailembe m'kaundula, koma anawaseka, amvekere za m'makomo sizilowa m'buku la sayansi. Ndiye anapangana ndi mdalayo. Chaka chilichonse iye ankatsina njere pang'ono n'kuzisakaniza m'nazale. Zipatso zikafika pa tebulo, Amanzere ankazijambula, n'kukanda njere za makosi okhota asanapereke kwa nkhumba, n'kuziyanika, n'kudzazanso chitini.

"Malemu ankati mbewu ya m'chitini imafa ndi tulo, iyenera kuona nthaka chaka ndi chaka. Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kuti ndisaleke. Sindinaleke. Koma mwanayu sindinamuuze kuti azikanda njere, ndinkaopa kuti zidziwika." Anatembenukira kwa Mabwereza. "Ndakuonera ukusesa masabata asanu ndi limodzi, ine ndili duu, kusunga ntchito yanga. Ukalamba wanga ndi wa tsitsi lokha, mwanangu."

Anagwedeza chitinicho. Chinalira mopepuka, ngati mano a khanda. Anatsanulira pa tebulo. Njere khumi ndi imodzi.

Zaka makumi atatu za mayi uja, ndi zaka za amayi awo zimene palibe anaziwerenga, zinali zitatsala pamenepo. Zina zonse zinapita ku nkhumba, kudzera m'manja mwa mwana amene anamulera yekha. Mabwereza anayang'ana njerezo. Anakhala pansi, pa mpando wa kumanzere uja.

Mkulu wa siteshoni anayamba kunena za malamulo a kafukufuku ndi chilango cha mdalayo. Bwana Magalasi anamudula mwaulemu. Anati mtundu umene khosi lake silinasinthe kwa zaka makumi atatu, wokhala ndi mapepala a chaka chilichonse, ndi chuma chimene siteshoni zina zimachifuna osachipeza, ndipo munthu yekhayo wodziwa kuufesa ndi amene akufuna kumuthamangitsayo. Mdalayo analandira kalata ya chenjezo, imene anayatsira moto. Mabwereza analandira kiyi wake.

Mwa njere khumi ndi imodzi zija zinamera zisanu ndi ziwiri. Zinabereka makosi okhota, ndipo nkhumba sizinalaweko.

Chaka chotsatira analembanso mayeso a masamu, kachinayi, atakhala pakati pa ana oti akanatha kuwabereka kumsana ali makanda. Anakhoza. Bwana Magalasi anamuphunzitsa kompyuta, iye anamuphunzitsa bwanayo kugwira mpeni. Anapita ku koleji, anabwerera, ndipo lero ndi iye amene amayang'anira zoyeza zonse pa siteshoniyo. Wophunzira aliyense watsopano, asanakhudze chipatso, amayamba wakopera pepala limodzi kamakumi asanu pa zenera lija, kuti adziwe kunjenjemera kwa dzanja lake. Mtundu uja unalowa m'kaundula. Pa mzere wa dzina analembapo kuti Amanzere. Dzina loti Mabwereza sanalisiye. Amati analigwirira ntchito.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti mwachisunga. Madontho aja.

Bwana Magalasi anamufunsa tsiku lomwelo la komiti, ena atatuluka. "Koma chifukwa chiyani chafutambuyo, mayi? Pa makosi okhota pokha?"

"Sindikudziwa, bwana."

Ndawerenga mabuku okwanira kuti ndikupatseni yankho lovala tayi. Ali mwana ankakhala pansi pa tebulo lija akuonerera azakhali ake, ndipo mabiringanya amenewa ndi amene mayiwo ankawajambula mosamala, akung'ung'udza nyimbo. Diso linasunga, dzanja linakumbukira. Yankho labwino, ndipo mwina ndi loona.

Koma nditabwerera ndinapita kukamuona, masana, ndipo anandijambulira biringanya limodzi la khosi lokhota kuti ndione. Analidula, analigoneka, analizunguliza, uku akundifunsa za kunja ndi kundiseka kuti ndakalamba ngati chikwama. Ndinayang'ana pensulo. Inayambira pakhosi n'kulowera kumanzere. Iye ankangocheza. Pakhoma kumbuyo kwake mapepala anayamba kutukula ngodya, limodzi, linzake, linzake, kubwera chakuno.

"Mayi," ndinatero, "mukuyenda mobwerera."

Anayang'ana pepala, anayang'ana dzanja lake, n'kumwetulira.

"Asiyeni, achimwene. Ali pa ntchito."

Anamaliza madontho onse makumi anayi, n'kutenga supuni kuyamba kukanda njere.

Tsono inu amene mwakhala pa benchi panja pa ofesi ya wina, kalata ili pamiyendo, mverani. Mwina akupatsani dzina la kugwa kwanu ndipo mwayamba kuliyankha. Mwina mboni zanu zonse zinadyedwa ndi nkhumba, ndipo amene akudziwa zoona ali duu, akusunga ntchito yake. Mwina inu nomwe mwayamba kuopa dzanja lanu. Sindikulonjezani galimoto, ndipo sindikulonjezani kuti mafunso onse adzayankhidwa. Ndaona dziko lokwanira kuti ndisakunamizeni. Koma chipinda chimene onse akuchithawa, lowanimo ndi tsache lanulo. Kokani buku limene latchinga zenera. Yesani dzanja lanu kaye, ndipo mukalakwitsa ng'ambani envulopu ina.

Mtima wokhawo musauponyere nkhumba. Ngakhale mutatsala njere khumi ndi imodzi m'chitini, fesani.